Chanza cholimba, chanza cholobodoka: kodi moni wa m'manja umaulula khalidwe la munthu?

Mwana wa mchemwali wanga anaitanidwa ku intaviyu pa kampani ina ku Makata. Usiku woti mawa lake apita, anabwera kwathu ku Zingwangwa kudzabwereka tayi, ndipo asanatuluke anati, "Amalume, tandipatsani dzanja ndiyeserere." Ndinamupatsa. Anandifinya mpaka mphete inandilowa m'chala, maso ali tong'o pa ine, mkono akuukweza ndi kuutsitsa ngati akupopa mjigo. Agogo ake, omwe anali pamkeka akusankha nyemba, anadzutsa mutu: "Iwe, amalume akowo akulakwira chiyani?"

Mnyamatayo anatulutsa foni kuti adziteteze. Pa gulu la WhatsApp la anzake omaliza nawo koleji panali uthenga womwe wakhala ukuzungulira kwa nthawi ndithu, mwina nanunso unakupezani. Umati wofinya dzanja ndi wodzidalira komanso wokhulupirika, wa dzanja lolobodoka ndi waulesi, wa thukuta m'manja akubisa kanthu, wa dzanja lozizira ndi wouma mtima, ndipo wongokupatsa nsonga za zala akukuderera. Pansi pake analembapo kuti mabwana amagamula zokulemba ntchito pa moni pomwepo.

Agogo sanamve zimenezo. Kwa iwo mwana woleredwa bwino amapereka dzanja mofatsa, lamanzere litagwira pachigongono, maso ali pansi. "Ukakafika ndi mwano umenewo akakubwezera pakhomo," anatero.

Awiriwa amakhulupirira chinthu chimodzi, kuti chanza chimaonetsa mtima. Angosiyana kawerengedwe. Nkhaniyi akatswiri a saikoloji, maphunziro a maganizo ndi zochita za munthu, anaifufuzapo, ndipo zomwe anapeza zikuvomereza kachigawo kochepa ka uthenga wa pa foni uja, zambiri n'kuzikana.

Ganizo lakale lowerenga munthu pa thupi

Kugwirana chanza si kwa dzulo. Ku dziko lomwe lero ndi Iraq kunapezeka mwala wosemedwa m'zaka za m'ma 800 Yesu asanabadwe, woonetsa mfumu Shalmaneser III ya Asuri ikugwirana dzanja ndi mfumu ya Babulo potsimikiza ubale wawo. Nalonso ganizo loti thupi limaulula mtima ndi lakale. Ku Ulaya linafika pokhala ngati phunziro, lotchedwa physiognomy, kutanthauza kuwerenga khalidwe la munthu poyang'ana nkhope ndi maonekedwe ake. M'zaka za m'ma 1770 m'busa wa ku Switzerland, Johann Kaspar Lavater, analitchukitsa kwambiri, moti anthu ophunzira ankayeza mphuno ndi zipumi za anzawo.

Mu 1831 Charles Darwin anatsala pang'ono kukanidwa malo mu sitima ya Beagle chifukwa cha phunziro limeneli. Woyendetsa sitimayo, Robert FitzRoy, anali wotsatira Lavater, ndipo ataona mphuno ya Darwin anakayika ngati mnyamatayo anali ndi mphamvu ndi khama lopirira ulendo wautali. Darwin anapita, anatha zaka zisanu pa ulendowo, ndipo zomwe anabwera nazo zikuphunzitsidwabe m'makalasi a bayoloji mpaka ku Chichiri kuno. Physiognomy inatayidwa kalekale ngati sayansi. Chanza ndiye chinapulumuka, ndipo pali chifukwa: mphuno munthu sasankha, pomwe moni ndi chinthu chomwe munthu amachita. Choncho funso loti kodi umanena kanthu za iye si lopusa.

Anayesa bwanji, ndipo anapeza chiyani?

Kafukufuku yemwe amatchulidwa kwambiri anasindikizidwa mu 2000, wotsogoleredwa ndi William Chaplin wa ku University of Alabama ku America. Anaphunzitsa anthu anayi, amuna awiri ndi akazi awiri, kupereka moni mofanana nthawi zonse ndi kulemba zomwe amva m'dzanja la mnzawo. Kenako anaitana ophunzira 112, omwe sanauzidwe kuti moni wawo ukuyezedwa. Aliyense anagwirana chanza kawiri ndi aliyense mwa anayi aja, n'kuyankhanso mafunso okhudza chibadwa chake.

Oyezawo ankaona zinthu zisanu ndi zitatu: mphamvu, kutalika kwa nthawi, kagwedezedwe, ngati dzanja lagwira lonse kapena nsonga chabe, kuyang'ana m'maso, kutentha, kuuma, ndi kusalala kwa khungu. Zisanu zoyambazo zinkayendera limodzi. Wofinya ankakondanso kugwira dzanja lonse, kugwedeza, kuchedwerapo ndi kuyang'ana m'maso. Zimenezi pamodzi ndi zomwe anazitcha moni wolimba.

Apa tiyambe tamasula liwu limodzi, chifukwa ndi pomwe ambiri timasokonekera. M'Chichewa "khalidwe" limanyamula zinthu ziwiri. Tikati uje ndi wa khalidwe labwino timatanthauza umunthu: sabera, sanama, amalemekeza anthu, ukamusungitsa ndalama umazipeza. Koma timatinso khalidwe pofotokoza chibadwa: uyu ndi wolongolola, uyo ndi wofatsa, winayo sachedwa kutekeseka. Akatswiri a saikoloji akamayeza chibadwa amachigawa m'mbali zisanu zomwe amazitcha Big Five: kumasuka ndi anthu, kukhala bwino ndi anzako, kulongosoka pa zochita, kugwidwa msanga ndi nkhawa, ndi kukonda zatsopano. Chaplin anayeza chibadwa. Sanasungitse munthu ndalama.

Anapeza kuti moni wa munthu mmodzi sunkasintha kwambiri kuchoka kwa woyeza uyu kupita kwa uyo. Anapezanso kuti a moni wolimba ankakonda kukhala omasuka ndi anthu ndi osabisa zakukhosi, pomwe a moni wofooka ankapendekera ku manyazi ndi nkhawa. Mwa akazi, moni wolimba unkayenderanso limodzi ndi kukonda zatsopano. Amuna, kuwatenga onse pamodzi, ankafinya kuposa akazi. Ndi zomwezi basi. Ulesi, bodza, kuuma mtima ndi kuderera, zomwe uthenga wa pa WhatsApp unandandalika mwachidaliro chonse, mulibemo m'zotsatirazo.

"Kuyendera limodzi" kumatanthauza chiyani?

Ofufuza akati zinthu ziwiri zimayendera limodzi, liwu lawo ndi correlation, ndipo limanena za gulu, osati za munthu mmodzi. Taganizirani mitambo yomwe imakuta phiri la Ndirande m'mawa. Mutalemba masiku onse a chaka, mungapeze kuti masiku a mitambo imeneyo mvula imagwa kawirikawiri kuposa masiku owala. Zimenezo ndi zoona. Koma mayi wochapa ku Chinseu amadziwa kuti masiku ambiri mitambo imabalalika pofika 10 koloko zovala n'kuuma, ndipo tsiku lina kumacha kowala iye n'kunyowetsa zofunda masana.

Kuyenderana kwa moni ndi chibadwa ndi kwa mtundu umenewo, kooneka ukasonkhanitsa anthu ambiri koma kosakwanira kuweruzira mmodzi. Mwa anthu 100 ofinya dzanja mupezamo omasuka ochulukirapo kuposa mwa anthu 100 a dzanja lofewa. Koma amene waima patsogolo panu ndi mmodzi, ndipo akhoza kukhala wamanyazi yemwe anawerenga uthenga womwe uja usiku wathawu, ngati mwana wa mchemwali wanga.

Nanga bwanji mabwana amatengeka nawo?

Mbali iyi ya uthenga uja ili ndi choonadi chake. Mu 2008 Greg Stewart wa ku University of Iowa ndi anzake anayesa ophunzira 98 pa ma intaviyu oyeserera. Anthu asanu ophunzitsidwa ankapatsa ophunzirawo moni n'kuupatsa malikisi, pomwe ofunsa mafunso, omwe anali anthu ena, ankalemba ngati angamulembe ntchito wophunzirayo. A malikisi ambiri pa moni ankapezanso malikisi ambiri kwa ofunsa mafunso.

Muonetsetse chomwe chinayezedwa pamenepo. Kafukufukuyu anaonetsa kuti moni umayenderana ndi maganizo a wolemba ntchito. Sanatsatire ophunzirawo kuntchito kuti aone amene ankafika mochedwa kapena amene anasowetsa katundu m'sitolo. Kukopa bwana ndi kugwira bwino ntchito ndi mbuzi ziwiri, ngakhale nthawi zina zimadya msipu umodzi.

Chomwe chimachitika m'mutu mwa woweruza chili ndi magawo ake. Loyamba ndi liwiro. Mu 2006 Janine Willis ndi Alexander Todorov a ku Princeton University ku America anaonetsa anthu zithunzi za nkhope kwa gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi, ndipo nthawi imeneyo inakwanira kuti anthuwo agamule amene akuoneka wokhulupirika. Atawapatsa nthawi yochulukirapo, chigamulo sichinasinthe kwenikweni, chomwe chinakula ndi chidaliro chawo pa chigamulocho.

Lachiwiri ndi lomwe Edward Thorndike analifotokoza mu 1920, lotchedwa halo effect, kutanthauza kuti chabwino chimodzi chooneka chimawalitsa zina zonse zomwe sitinazione. Thorndike anaona kuti akuluakulu a asilikali akayamikira msilikali pa maonekedwe, ankamuyamikiranso pa nzeru, utsogoleri ndi kukhulupirika, ngati kuti zonsezi zimabwera m'thumba limodzi. Wogulitsa tomato mu msika wa Limbe amaidziwa bwino mfundoyi ngakhale sanaimvepo dzina. Wamkulu, wofiira, wosalala amamuika pamwamba pa mulu, ndipo maso a wogula amawerengera apansiwo ubwino wa wapamwambayo.

Lachitatu ndi loti tikagamula, timayamba kusaka umboni wotivomereza. Amene watisangalatsa pakhomo akalakwitsa yankho timati ndi mantha a intaviyu. Amene anatipatsa dzanja lolobodoka akalakwitsa yankho lomwelo timati tinaonera kale. Patapita zaka, bwana amakumbukira kalaliki wa dzanja lofewa yemwe anaba, n'kuiwala atatu a dzanja lofewa omwe anapuma pantchito osasowetsa ngakhale tambala. Ndi mmene munthu amafikira ponena motsimikiza kuti iye salakwitsa, amangogwira dzanja n'kudziwa.

Dzanja limanena zambiri za thupi

Thukuta la m'manja silibwera ndi kutentha kokha. Limayendetsedwa ndi mitsempha yomwe imadzuka munthu akachita mantha kapena akatekeseka, yomweyo imene imathamangitsa mtima. Wonama akhoza kutuluka thukuta, inde, koma chimodzimodzi wonena zoona yemwe wakhala zaka zitatu akusaka ntchito ndipo akudziwa kuti kwawo akudikira yankho. Dzanja silisiyanitsa mantha awiriwa. Palinso vuto lomwe madokotala amalitcha hyperhidrosis, pomwe manja amatuluka thukuta lambiri popanda chochititsa, munthu ali phee kunyumba kwake.

Kuzizira nako n'chimodzimodzi. Mantha amafinya timitsempha ta magazi ta m'zala, dzanja n'kuzizira. Ndipo mu Juni kapena Julayi, chiperoni chitakuta mzinda, amene wabwera pa kabaza wa njinga yamoto kuchokera ku Bangwe afika ndi dzanja ngati lochokera mu fuliji, pomwe wotsika m'galimoto yake afika ndi lofunda. Mukawerenga mitima pa kutentha kwa manja tsiku limenelo, mwawerenga mayendedwe.

Mphamvu ya kufinya imatengera msinkhu, kukula kwa dzanja, ntchito yomwe munthu amagwira ndi thanzi lake. Woswa miyala m'mbali mwa msewu kapena wosenza matumba ku Limbe ali ndi dzanja loti akafinya pang'ono chabe, wa mu ofesi amva kuwawa, ndipo ambiri a iwo amapereka dzanja mofewa dala podziwa zimenezi. Wodwala nyamakazi amapereka nsonga za zala chifukwa kufinyidwa kumamupweteka. Amene anadwalapo sitiroko, kapena amene shuga inamuwononga mitsempha ya m'manja, sangafinye ngakhale atafuna.

Chodabwitsa n'chakuti umboni wamphamvu kwambiri wokhudza kufinya ndi wa zaumoyo. Mu 2015 magazini ya zachipatala ya The Lancet inasindikiza kafukufuku wa anthu pafupifupi 140,000 m'maiko 17, kuphatikizapo South Africa ndi Zimbabwe. Ankawapatsa kachipangizo kotchedwa dynamometer, kofinya ndi dzanja n'kuonetsa mphamvu yake m'makilogalamu, kenako n'kuwatsatira kwa zaka pafupifupi zinayi. Mphamvu ikatsika ndi makilogalamu 5, chiopsezo cha imfa m'nthawi imeneyo chinkakwera ndi 16 peresenti, ndipo muyezowu unalosera imfa kuposa nambala yapamwamba ya BP. Sikuti dzanja lofooka limapha, koma limaonetsa mmene minofu ya thupi lonse ilili. Musathamangire kuyeza apongozi anu pa moni: pa kachipangizoko munthu amafinya ndi mphamvu zake zonse, zomwe munthu wanzeru zake sachita popereka moni.

Moni wa ku Alabama si moni wa ku Ndirande

Apa ndi pomwe agogo aja akulowera. Ophunzira a Chaplin ndi a Stewart anakulira komwe mwana amauzidwa kuti ukagwira dzanja gwira zolimba ndipo uyang'ane munthu m'maso. Kumeneko, amene satero ndiye kuti mwina manyazi amulepheretsa kuchita zomwe anaphunzitsidwa, n'chifukwa chake moni wofooka umayenderana ndi manyazi. Koma lamulo likasintha, tanthauzo la kuliphwanya limasinthanso. Vutoli ndi lodziwika m'saikoloji monse. Mu 2010 Joseph Henrich ndi anzake anakumbutsa ofufuza anzawo kuti anthu 96 mwa 100 alionse oyesedwa m'magazini akuluakulu a phunziroli ankachokera m'maiko okhala ndi 12 peresenti yokha ya anthu a padziko lapansi.

Taimani pa Mibawa kwa theka la ola muone manja. Abambo awiri omwe sanaonane chichokereni ku maliro a chaka chatha agwirana chanza, akoletsana zala zazikulu, abwereranso pa chanza, ndipo sasiyana. Afunsana za kunyumba, za ana, za mvula ya kumudzi, za mtengo wa feteleza, dzanja lili m'dzanja, lofewa, lopanda kufinya kulikonse. Wina akaponya nthabwala amasiyana kuti awombane m'manja, n'kugwirananso. Woyeza wa ku Alabama, yemwe ankalemba kutalika kwa nthawi ya moni, pepala lingamuthere. Pafupi pomwepo mtsikana akupereka moni kwa mayi wachikulire: wapinda maondo pang'ono, dzanja lamanzere lagwira mkono wamanja, maso wagwetsa. Pa zinthu zisanu za moni wolimba walephera pafupifupi zonse, pomwe mayiyo mumtima akuti mwana uyu analeredwa.

Makaniko wa ku Ndirande manja ali oilo yekhayekha amakupatsa pamkono kuti ugwire pamenepo. Mayi yemwe akukanya ufa wa mandasi amachita chimodzimodzi, ndipo mukam'peza munthu akudya nsima ndi momwemonso. Kumudzi amayi amagwada, abambo amanjuta, ena amawomba m'manja chapatali osakhudzana n'komwe. M'mabanja ambiri mkamwini ndi apongozi ake aakazi amapatsana moni motalikirana, ndipo mkamwini wothamangira kukafinya dzanja la apongozi akuwayang'ana m'maso angakhale nkhani ya pachitsime sabata yonse. Asilamu ena sagwirana chanza mwamuna ndi mkazi, amaika dzanja pachifuwa, ndipo kumeneko ndi kulemekeza. Pa maliro timazungulira mzere wonse ndi dzanja lofewa, mawu ali pansipansi. Wofinya ndi kugwedeza pamenepo anthu amayang'anana.

Choncho munthu mmodzi kuno amakhala ndi moni wambiri. Wogwira ntchito ku banki pa Victoria Avenue amapereka dzanja lolimba kwa kasitomala Lachisanu, Loweruka ali ku Chiradzulu wanjuta pamaso pa amfumu, Lamulungu madzulo akugundana zibakera ndi anzake poonera mpira. Chaplin anapeza kuti moni wa munthu susintha, koma anauyeza pakati pa anthu osadziwana, pamalo amodzi, popanda mfumu, mpongozi kapena bwana. Kwathu kuno chanza chimayamba chayankha funso loti ine ndi iwe tili pa ubale wanji, wamkulu ndani, tili pa mwambo wanji. Chibadwa cha munthu chimabwera pambuyo, ngati chapeza mpata.

Pali moni umodzi womwe umaululadi cholinga, ndipo amayi ambiri ogwira ntchito m'maofesi amaudziwa: bambo wokanda pachikhatho ndi chala, kapena wokana kusiya dzanja mkazi akulikoka. Umenewo sufuna katswiri womasulira, chifukwa mwini wake wautumiza dala. Kusiyana kwake ndi zina zonse zija n'kwakuti apa tikuweruza chomwe munthu wachita kwa mnzake, osati kulosera zobisika kuchokera pa thukuta kapena kuzizira.

Kukhulupirika: pomwe chanza chimalephera kwambiri

Chomwe anthu amafunitsitsa kudziwa pogwira dzanja la mlendo ndi choti kodi andipusitsa. Apa ndiye nkhani si yabwino. Mu 2006 Charles Bond ndi Bella DePaulo anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku woposa 200 wokhudza kuzindikira bodza poona ndi kumva munthu. Anthu ankalondola ka 54 pa ka 100 kalikonse. Woponya ndalama m'mwamba amalondola ka 50.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Moni umaphunzirika madzulo amodzi, ndipo amene ali ndi chifukwa chachikulu chouphunzira ndi tambwali. Wogulitsa puloti ya mwini ku Machinjiri kwa anthu atatu safika ndi dzanja lonjenjemera. Amafika ndi chanza chofunda, maso ali pa inu, "bwana" ndi "madamu" ali pakamwa, chifukwa ntchito yake yonse yagona pa kukhulupiriridwa msanga. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma mkuyu sudzikometsa dala. Tambwali amatero.

Atsogoleri a maiko nawo amagwa m'mbuna yomweyi. Mu Seputembala 1938 nduna yaikulu ya Britain, Neville Chamberlain, inakumana ndi Adolf Hitler maso ndi maso, inagwirana naye chanza, ndipo inalembera mchemwali wake kuti yaona kuti ndi munthu wodalirika akapereka mawu ake. Pofika Malichi 1939 Hitler anali ataphwanya pangano lomwe anasainirana mu mzinda wa Munich n'kulanda Prague, likulu la dziko la Czechoslovakia. Ndipo andale amadziwa kuti anthu amawerenga manja, choncho amakonzekera. Mu Meyi 2017 ku Brussels, Emmanuel Macron wa ku France anafinya dzanja la Donald Trump wa ku America mpaka mfundo za zala kuyera, osalisiya msanga, ndipo pambuyo pake anauza nyuzipepala ya kwawo kuti sizinangochitika mwangozi. Chanza cha Uhuru Kenyatta, yemwe anali pulezidenti, ndi Raila Odinga, mtsogoleri wa otsutsa boma, pa 9 Malichi 2018 chinaziziritsa ndale za Kenya, koma mphamvu yake inali pa zomwe awiriwo anagwirizana ndi kuti dziko lonse linaona, osati pa kafinyidwe.

Chifukwa chake nkhaniyi si yongocheza

Mu mzinda momwe malo amodzi a ntchito amafunsiridwa ndi khamu la anthu, kanthu kakang'ono kamasiyanitsa wolowa ndi wobwerera. Ngati wofunsa mafunso anaphunzira kuti moni wolimba ndiwo chizindikiro cha mtsogoleri, mtsikana wochokera ku sekondale yoyendera ya ku Thyolo, yemwe moyo wake wonse anauzidwa kugwetsa maso pamaso pa akulu, wataya malikisi asanatsegule pakamwa. Ngati wofunsayo ndi wa maganizo a agogo aja, wotaya ndi mnyamata wophunzira sukulu zapamwamba yemwe wangochita zomwe aphunzitsi ake anamuuza. Wodwala nyamakazi ndi wa thukuta m'manja amataya kwa onse awiri.

Ofufuza za kalembedwe ka ntchito akhala akupeza kwa zaka zambiri kuti njira zolosera bwino ndi zosasangalatsa kwenikweni: kufunsa onse mafunso ofanana n'kupereka malikisi pa yankho lililonse padera, ndi kumupatsa munthu kachigawo ka ntchito yeniyeniyo kuti agwire mukuona. Amalonda a mu Limbe ali ndi njira yawo yofanana nayo. Watsopano amamuyamba ndi katundu wochepa pa ngongole, akabweza amamuonjezera. Omwe amaikira kumbuyo kuwerenga moni amati bwana alibe miyezi yoyesera aliyense, ndipo pa ntchito zina, monga yotsatsa malonda, kumasuka ndi anthu ndi gawo la ntchitoyo. Mfundo imeneyo ili ndi pogwira, bola ikhale pa kumasuka pomwepo osafika pa umunthu.

Zaka zapitazi zinatiyesanso mwa njira ina. Matenda a Covid-19 atapezeka m'dziko muno pa 2 Epulo 2020, tinauzidwa kusiya kugwirana chanza, ndipo kolera ya 2022 mpaka 2023, yomwe inachedwetsa kutsegulira sukulu mu Blantyre ndi Lilongwe mu Januwale 2023, inabwezanso ndowa za madzi ndi sopo pamakomo. Uphungu umenewu uli ndi maziko: mu 2014 ofufuza a ku Aberystwyth University ku Wales anapeza kuti chanza chimasamutsa tizilombo tochuluka pafupifupi kakhumi kuposa kugundana zibakera, ndipo chikakhala cholimba ndi chotalika chimasamutsa tochulukirapo. Miyezi yonse ija anthu analembedwa ntchito, maukwati anamangidwa, ngongole zinaperekedwa, popanda wogwira dzanja la mnzake. Ena mpaka lero sanabwererenso ku chanza, ndipo dzanja lawo likachedwa kutuluka ndi chizolowezi cha nthawi imeneyo.

Mnyamata uja tinagwirizana naye zapakati: adikire wamkulu ayambe kutambasula dzanja, agwire lonse koma mofanana ndi mmene mwini wake wagwirira, ayang'ane nkhope popereka moni osatong'ola maso, ndipo dzanja lamanzere likafuna kupita pachigongono alisiye lipite. Agogo anavomera monyinyirika. Mawa lake madzulo anaimba foni.

"Amalume, kunalibe moni wa m'manja."

Pakhomo panali botolo la sanitaiza. M'katimo anthu atatu anakhala kuseri kwa tebulo lalitali, ndipo mayi wa pakati anangoloza mpando n'kunena kuti, "Khalani pamenepo, achimwene." Atamufunsa mafunso asanu anamupatsa laputopu yokhala ndi ziwerengero za katundu wa m'nyumba yosungiramo zinthu, n'kumuuza kuti apeze pomwe zasemphana pa mphindi 20. Akuti thukuta linatuluka m'manja mpaka ankapukutira pa thalauza, koma panalibe woligwira. Tayi ija sanabwezebe.